Likoma ndi nkhondo za kutsidya: zomwe zidalonjezedwa ndi zomwe zachitika

Chilumba cha Likoma ndi cha Malawi, koma madzi ochizungulira ndi a Mozambique. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1954 lidaika malire pakati pa nyanja, n'kusiya Likoma ndi Chizumulu m'manja mwa Nyasaland ngakhale zili m'madzi a eni ake. Munthu akaima pagombe la kum'mawa amaona bwino lomwe mapiri ndi midzi ya ku Cóbuè, pamene ku Nkhata Bay ndi ulendo wa maola angapo pa sitima. N'chifukwa chake mfuti ikalira m'chigawo cha Niassa, Amalawi oyamba kuimva amakhala a ku Likoma. Chiyambire 1964 chigawochi chadutsa m'nkhondo ziwiri zikuluzikulu, ndipo yachitatu, ya ku Cabo Delgado, yayamba kale kufika m'madera ake ena. Nkhondo iliyonse idabwera ndi malonjezo, ena ochokera kwa oukira, ena kwa maboma olimbana nawo. Ife nzika tiyenera kukhala pansi n'kuona kuti mwa malonjezowo ndi ati adakwaniritsidwa, ndipo zakalezo zikutilangiza chiyani pa zam'tsogolo.

Nkhondo yoyamba idali yomenyera ufulu. Gulu la FRELIMO, lomwe lidakhazikitsidwa ku Dar es Salaam mu 1962 motsogozedwa ndi Eduardo Mondlane, lidayamba kumenya nkhondo mu Sepitembala 1964, ndipo Cóbuè adali amodzi mwa malo oyamba kuthiridwa nkhondo ku Niassa. Anyamata ambiri omwe adalowa m'tchire kumeneko adali Anyanja a m'mbali mwa nyanja, ena ophunzira ku mishoni ya Anglican ya Messumba, yomwe mizu yake ili ku Likoma komwe amishoni a UMCA adakhazikika mu 1885. Apwitikizi adalonjeza kuteteza anthu wamba ku omwe iwo ankawatcha zigawenga. Adamanga malo a asilikali apamadzi ku Metangula, adaika maboti ankhondo panyanja, ndipo adasamutsira anthu m'midzi yokakamiza yolonderedwa ndi asilikali pofuna kuti FRELIMO isowe wopatsa chakudya. Apolisi achinsinsi a PIDE adamanga aphunzitsi ndi atsogoleri a mpingo, midzi yoganiziridwa idatenthedwa. Pofika mu 1965 mabanja ambiri adali atakwera mabwato kuthawira ku Likoma, ena ku Tanzania. Chitetezo cholonjezedwacho chidasanduka chinthu chomwe anthu ankachithawa, ndipo patatha zaka khumi Apwitikizi adanyamuka.

Mbali ya Malawi pa nthawiyo siyophweka kuiweruza. Dziko lidali litangolandira ufulu, lilibe doko lakelake, katundu wake akudzera ku Beira. Dr. Hastings Kamuzu Banda adasankha ubale ndi Apwitikizi, kudzera mwa anthu ngati Jorge Jardim, ndipo mu 1970 njanji yopita ku Nacala idatsegulidwa. Ena amati kudali kuchenjera kwa mtsogoleri wa dziko losauka, ena amati kudali kutaya abale. Chomwe sichikanika n'chakuti pamene boma linkadyera limodzi ndi atsamunda, anthu a ku Likoma ankagawana kondowole ndi usipa ndi othawa atsamunda omwewo, chifukwa adali amalume, azakhali ndi apongozi awo. Tikumbukirenso kuti kwathu kuno njira ya chilango cha mudzi wonse idagwiritsidwapo ntchito. Kuukira kwa Henry Masauko Chipembere ku Fort Johnston (Mangochi wa lero) mu Febuluwale 1965 kutalephereka, midzi ya ku Mangochi idakhala zaka zambiri ikuganiziridwa, ndipo anthu a m'mudzi wa Moto adamangidwa mwaunyinji, mudzi wawo n'kuphwasulidwa. Bata lidabwera, koma chilondacho chidakhalitsa kuposa boma lomwe lidachipanga.

Pa 25 Juni 1975 Mozambique idalandira ufulu, ndipo lonjezo lidali la sukulu, zipatala ndi ulemu kwa aliyense. Zina zidachitikadi m'zaka zoyambirira. Koma boma latsopano lidabwereza zina mwa zomwe anthu adadana nazo: lidasonkhanitsa alimi m'midzi ya boma, lidachotsera mafumu mphamvu, lidalanda sukulu ndi zipatala za mipingo. Niassa, poti ndi kutali, idasanduka kotayirako anthu osafunika, m'misasa yomwe ankati ndi yosinthira maganizo, komanso mu 1983 pomwe anthu zikwizikwi adasamutsidwa mokakamiza kuchoka m'mizinda. RENAMO, yomwe idaukira boma m'nkhondo yachiwiri, sidabadwire m'madandaulo amenewa. Idaumbidwa ndi akazitape a Rhodesia, ndipo kuyambira mu 1980 idaleredwa ndi boma latsankho la South Africa. Komabe idapeza anthu okwiya kale, n'kukhazikika pakati pawo. Zomwe idachita n'zodziwika: kutentha sukulu ndi zipatala, kuba ana n'kuwaphunzitsa kupha, kusenzetsa anthu katundu maulendo ataliatali. Midzi ya m'mbali mwa nyanja idakhalanso mabwinja, ndipo makoma a tchalitchi chachikulu cha Akatolika ku Cóbuè adatsala ngati mboni ya zaka zimenezo.

Malawi idalowa m'nkhondoyi m'njira zitatu. Idaimbidwa mlandu wosunga RENAMO, ndipo pa 11 Sepitembala 1986 Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe adabwera ku Blantyre kudzamuuza Kamuzu maso ndi maso. Boma lathu lidakana mlanduwo. Machel atafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 Okutobala chaka chomwecho, Malawi ndi Mozambique adasainirana pangano la chitetezo mu Disembala, ndipo kuyambira mu 1987 asilikali a Malawi adapita kukalondera njanji ya Nacala, komwe ena adataya miyoyo. Njira yachitatu ndi yomwe tinganyadire mosakayika: dziko la anthu pafupifupi 8 miliyoni, malinga ndi kalembera wa 1987, lidalandira othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ku Likoma katunduyu adalemera mwapadera. Chilumbachi n'chaching'ono, cha miyala, ndipo nkhuni, mitengo yomangira ndi gawo la chakudya chake zimachokera kutsidya. Nkhondo idachulukitsa pakamwa pa nthawi yomweyo yomwe idatseka munda.

Lonjezo lomwe lidasungidwa kwambiri ndi la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, pomwe Joaquim Chissano wa boma ndi Afonso Dhlakama wa RENAMO adasaina pangano la mtendere. Nkhondo yomwe idapha anthu pafupifupi 1 miliyoni sidathe chifukwa wina adagonjetsa mnzake. Idatha pa zokambirana zomwe adayendetsa a gulu la mpingo la Sant'Egidio pamodzi ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira, pamene Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican pambuyo pake adatsogolera ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Chisankho chidachitika mu 1994, othawa nkhondo adabwerera, ndipo mu 2015 Mozambique idalengeza kuti yachotsa mabomba onse okwirira omwe ankadziwika. Koma zida zina zidabisidwa, ndipo kugawana mphamvu kudatsalira. Nkhondo idayambiranso mu 2013, ndipo pofika mu 2016 anthu oposa 10,000 adali atathawira ku Kapise m'boma la Mwanza kuchokera ku Tete, ambiri akunena kuti akuthawa asilikali a boma omwe ankawatenthera nyumba powaganizira kuti akudyetsa RENAMO. Pangano lina lidasainidwa ku Maputo pa 6 Ogasiti 2019. Ngakhale zidatero, mu Disembala 2024 anthu zikwizikwi adawolokeranso ku Nsanje pothawa zipolowe za chisankho.

Nkhondo ya lero ndi yamtundu wina. Idayamba pa 5 Okutobala 2017 pomwe gulu la anyamata lidaukira polisi ku Mocímboa da Praia, ndipo kuyambira mu 2019 gululi lakhala likudziphatika ku Islamic State. Cabo Delgado ndi chigawo cha gasi ndi miyala ya mtengo wapatali ya ku Montepuez, komanso ndi chimodzi mwa zigawo zosaukitsitsa m'dzikomo. Boma lidayamba ndi kunena kuti awa ndi achifwamba chabe omwe atha msanga. Kenako lidalemba ganyu asilikali a Wagner mu 2019 ndi a Dyck Advisory Group mu 2020, koma sizidathandize. Mu Malichi 2021 bungwe la Amnesty International lidati zigawenga, asilikali a boma ndi aganyu omwe adachitira nkhanza anthu wamba. Mwezi womwewo tauni ya Palma idaukiridwa, ndipo kampani ya Total idaimitsa ntchito yake ya gasi. Anthu oposa 1 miliyoni akhala akuthawa m'makomo mwawo chiyambire nkhondoyi.

Mu Julaye 2021 asilikali a Rwanda ndi a SADC adafika, ndipo mu Ogasiti Mocímboa da Praia idalandidwanso. Malawi idali pampando wa SADC pomwe atsogoleri adakumana ku Lilongwe mu Januwale 2022 n'kuonjezera nthawi ya asilikaliwo. Matauni adamasulidwa, ndipo ichi sichochepa kwa amene adabwerera kwawo. Koma zigawenga zidangomwazikana. Mu Novembala 2021 zidaonekera m'boma la Mecula ku Niassa, ndipo mu Epulo 2025 zidaukira misasa ya m'nkhalango yotetezedwa ya Niassa, asilikali a SADC atachoka kale mu Julaye 2024. Ku Mecula n'kutali ndi nyanja, ndipo Likoma ili pa mtendere. Sitikulemba kuti tiopseze munthu. Koma akuluakulu adati moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo tchire la nkhondo zotere ndi dera lomwe boma limafikako mwa apo ndi apo, achinyamata alibe chochita, ndipo wovala yunifolomu amaopedwa m'malo modaliridwa.

Zaka zonsezi zikuphunzitsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza. Paliponse pomwe boma lidaona anthu a m'malire ngati oganiziridwa, kaya ndi Apwitikizi m'ma 1960, kaya FRELIMO m'ma 1980, kaya asilikali a ku Tete mu 2016, lidapatsa adani ake anthu, chakudya ndi chinsinsi. Msilikali angalande tauni, koma amene amadziwa kuti m'mudzi mwagona mlendo wachilendo ndi nyakwawa, msodzi ndi mayi wogulitsa pamsika, ndipo iwo amauza yekhayo amene amamukhulupirira. Apa mpofunika kusamala ndi nkhani ya chipembedzo. Asilamu a m'mbali mwa nyanja yathu akhala ndi Akhristu mwamtendere kwa mibadwo, ndipo ku Cabo Delgado atsogoleri a Chisilamu ndiwo adayamba kuchenjeza boma za gululi lisadatole mfuti. Kuwayang'ana ndi diso loipa kungakhale kutaya mboni zathu zoyamba.

Tsono tiyeze malonjezo athu omwe. Mu 1999 Likoma idapatsidwa udindo wa boma palokha, kuchoka pansi pa Nkhata Bay, n'cholinga choti ntchito za boma zifike pafupi ndi anthu, omwe pa kalembera wa 2018 adaposa 14,000. Maofesi adabwera, magetsi ndi mafoni zidafika, ndipo chipatala cha St Peter's chikupitiriza kuthandiza odwala a mbali zonse ziwiri za nyanja. Koma moyo wa pachilumba udakali womangirira pa Ilala, sitima yomwe idayamba kuyenda mu 1951. Ikaima kuti ikonzedwe, katundu amakwera mtengo ndipo anthu amaika moyo pachiswe m'maboti ang'onoang'ono. Nsomba zikuchepa pamene asodzi akuchuluka, ndipo mnyamata womaliza Fomu 4 amapeza kuti njira zake ndi chilimira kapena kuchoka. Ku Cabo Delgado anyamata ambiri adakopeka ndi malonjezo a ndalama, ntchito ndi mpamba wa bizinesi. Choncho sitima yodalirika, sukulu ya ntchito zamanja ndi msika wabwino wa nsomba n'zachitetezo cha dziko monga momwe liliri boti la asilikali.

M'tsogolomu tikuona ntchito zinayi zomwe sizifuna kudikira tsoka. Zokambirana za chitetezo za Malawi ndi Mozambique zisamathere m'malikulu. Bwanamkubwa wa Likoma, akuluakulu a boma la Lago ku Metangula, Mfumu Mkumpha ndi mafumu a kutsidya azikumana kawirikawiri, chifukwa iwo ndiwo amadziwana mayina. Kuwoloka kukhale kwa dongosolo losavuta ndi lotsika mtengo, kuti wopita kumaliro, kuchipatala kapena kukagula ufa azidzera poyera, pakuti malamulo ovuta amangochulukitsa madoko ausiku. Asilikali athu apamadzi ndi apolisi azioneka populumutsa asodzi nthawi ya mwera, kuti tsiku lomwe adzafune uthenga adzaupeze kwa anthu owadziwa kale. Ndipo pakhale chikonzero cholandirira othawa nkhondo ngati atabweranso, poti msasa wa Dzaleka, womwe udakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, ukusunga oposa 50,000, ndipo lamulo lathu la othawa kwawo ndi la mu 1989. Okalamba omwe adalandira alendo mu 1965 ndi m'ma 1980 akadalipo ena, ndipo boma lingaphunzire zambiri litawafunsa momwe adachitira.

Maboma a mbali zonse ziwiri adzapitiriza kusaina mapangano, ndipo n'koyenera kutero. Koma ife poweruza tisamawerenge misonkhano kapena kuchuluka kwa asilikali. Tizifunsa ngati wodwala wa ku Chizumulu akufika kuchipatala pa nthawi yake, ngati mnyamata wa ku Likoma ali ndi chifukwa chokanira ndalama za munthu wosamudziwa, ndiponso ngati mfumu ikaona zachilendo imathamangira kupolisi mopanda mantha. Mayankho a mafunso amenewa akakhala abwino, ndiye kuti boma lafika m'malire nkhondo isadafike, ndipo imeneyo ndi ntchito yomwe tingaiyambe chaka chino ndi ndalama zomwe Nyumba ya Malamulo imagawa kale.