Dzina Lako pa Ntchito ya Mwini: Mawu kwa Ophunzira Sayansi ndi Makompyuta



Lamulungu lapitali, titatuluka m'Misa yachiwiri, mnyamata wina wa m'parishi mwathu muno amene akuphunzira za makompyuta ku koleji adandiimitsa pakhomo pa tchalitchi. "Aphunzitsi," iye adatero, "kodi ndi tchimo kuuza ChatGPT kuti indilembere pulogalamu ya asainimenti? Anzanga onse akutero, ndipo ine ndikapanda kutero ndilephera." Tidakambirana kwa kanthawi, koma funso lake lakhala likundiyenda m'mutu sabata yonse. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu amene muli ku MUST ku Thyolo, ku MUBAS ku Blantyre, ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Catholic University ku Nguludi muli ndi funso lomweli mumtima, ngakhale simulinena.

Ndiyambe ndi kuvomereza kuti katundu wanu ndi wolemera. Masamu a chaka choyamba sali ngati a Fomu 4. Sabata imodzi yomweyo mufunika kupereka lipoti la mu labotale, pulogalamu ya Python kapena Java, ndi kulemba mayeso. Ena mulibe laputopu, mumadikira mnzanu agone kuti mubwereke yake. Magetsi amathima, bandulo imatha, ndipo kumudzi makolo adagulitsa mbuzi kapena chimanga kuti mupeze fizi. Amene sadalawe zimenezi asafulumire kuweruza. Komabe yankho langa ndi ili: chida pachokha chilibe tchimo, koma kulemba dzina lako pa ntchito imene sunaigwire ndipo sukuimvetsa ndi bodza. Lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa umboni wonama, siliima pa chipata cha koleji.

Taganizirani zimene zimachitika mu labotale ya fizikisi. Mwapatsidwa chingwe ndi kachitsulo kolendewera kuti muyeze mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi. Buku likuti yankho ndi pafupifupi 9.8, koma inu mwapeza 9.1. Pamenepo chiyeso chimabwera chokonza manambala kuti agwirizane ndi buku. Amene wachita zimenezi wataya phunziro lenileni la tsikulo. Mphunzitsi amadziwa kale 9.8, chimene akufuna ndi chakuti mufufuze chimene chasokoneza, kaya ndi kayezedwe ka chingwe, kaya ndi chala chimene chidachedwa kuimitsa wotchi. Sayansi yonse idamangidwa pa anthu olemba zimene aona, ngakhale zisawakomere. Mkhristu ayenera kukhala woyamba kumvetsa zimenezi, pakuti amakhulupirira kuti chilengedwe ndi ntchito ya Mulungu amene sanama.

Wina anganene kuti, "Ndi asainimenti chabe, palibe amene avulale." Mverani nkhani iyi. Pakati pa 1985 ndi 1987, ku America ndi ku Canada, makina ochizira khansa otchedwa Therac-25 adawotcha odwala asanu ndi mmodzi ndi mphamvu yopitirira muyeso kwambiri, ndipo ena mwa iwo adamwalira. Ofufuza adapeza kuti mbali ina ya pulogalamu yoyendetsa makinawo idatengedwa ku makina akale. Makina akalewo adali ndi zitsulo ndi mawaya otchinjiriza ngozi, amene ankabisa zolakwa za pulogalamuyo. M'makina atsopano zotchinjirizazo zidachotsedwa, anthu nkukhulupirira pulogalamu imene sadaiunike mokwanira. Apa mpamene pamathera chizolowezi chodalira ntchito imene sunaimvetse. Inu amene lero mukukopera mizere makumi awiri ya pulogalamu, mawa mudzapatsidwa kaundula wa odwala m'chipatala, ndalama za alimi pa foni, kapena madzi akumwa oti muyeze ngati ali abwino. Digiri idzanena kuti mumadziwa. Mayi wodwala amene adzadalire digiri imeneyo sadzakhala ndi njira yodziwira kuti idapezeka ndi likasa.

Musandimve ngati wodana ndi luso latsopano. Eklezia sauza ana ake kuti athawe sayansi. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata yake ya Fides et Ratio ya 1998, adaphunzitsa kuti chikhulupiriro ndi nzeru zimayendera limodzi pofunafuna choona. Mu 1965, Sisitere Mary Kenneth Keller adakhala mmodzi mwa anthu oyamba ku America kulandira digiri ya udokotala pa za makompyuta, ndipo adakayambitsa gawo la maphunzirowa pa Clarke College. Ndipo mu Januwale 2025, likulu la Mpingo ku Vatican lidatulutsa chikalata cha Antiqua et Nova, chimene chidalangiza kuti zida zonga ChatGPT zizithandiza nzeru za munthu popanda kulowa m'malo mwake, ndi kuchenjeza kuti ophunzira angathe kuzidalira mpaka kufooka pa kuganiza paokha.

Nanga malire ali pati? Poyamba, funsani mphunzitsi wa phunzirolo chimene walola ndi chimene waletsa, ndipo mutsate zomwezo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ngati walola kuti chidacho chikufotokozereni pamene pulogalamu yanu yalakwika, chigwiritseni ntchito ndipo munene poyera kuti mwatero. Kenaka dziyeseni nokha: ikani foni pambali, tengani pepala, ndipo mufotokoze mzere uliwonse wa ntchito imene mukufuna kupereka. Mzere umene simungathe kuufotokoza si wanu. Kumbukiraninso kuti zida zimenezi zimalakwa, ndipo zimalakwa molimba mtima. Wosadziwa phunzirolo sangathe kuzigwira.

Pali bodza linanso limene timalitcha chifundo. Pa ntchito ya pagulu, awiri amakhala usiku wonse, atatu nkungobwera m'mawa kudzalembetsa maina. Timati tikuthandizana. Koma amene walembetsa dzina pa thukuta la mnzake waba, ndipo amene wamulembera wamumana mwayi wophunzira. Chikondi chenicheni chimatenga nthawi. Iwe amene masamu amakuyendera, khala ndi mnzako ola limodzi umuphunzitse. Iwe amene uli ndi laputopu, gawana naye nthawi yoigwiritsa ntchito. Magulu athu a achinyamata Achikatolika m'makoleji amakumana pa kwaya ndi pa korona. Angathenso kukumana Loweruka masana kuti a chaka chachitatu athandize a chaka choyamba.

Tsono mudzati, "Nanga ndikachita chilungamo nkulephera?" Sindikulonjezani kuti woona mtima salephera. Gregor Mendel, wansembe wa chipani cha Augustino Woyera ku Brno, adalephera kawiri mayeso a uphunzitsi, mu 1850 ndi mu 1856. Atalephera kachiwiriko adakhala zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu akubzala ndi kuwerenga mbewu za nsawawa m'munda wa nyumba ya ansembe, mitengo pafupifupi 28,000. Zimene adapeza zidasindikizidwa mu 1866, anthu osazilabadira, mpaka mu 1900, iye atamwalira kale mu 1884. Lero aliyense wophunzira za mmene ana amatengera kwa makolo amayamba ndi dzina lake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayeso achibwereza amawawa, ndipo kuuza makolo kuti walephera kumawawa koposa. Koma wolemba chibwereza amatuluka akudziwa phunzirolo, pamene wobera amasenza umbuli wake kupita nawo chaka chotsatira, kumene ntchito imakhala yovutirapo.

Mnyamata uja ndidamuuza kuti apite kwa mphunzitsi wake, anene mosabisa pamene akuvutika, ndi kupempha thandizo nthawi ikadalipo. Ndidamuuzanso kuti ngati adapereka kale ntchito ya mwini, asaope kukanena zimenezo m'Sakramenti la Kulapa, monga amanenera machimo ena. Uphungu womwewo ndikupereka kwa inu nonse. Sabata ino werengani fanizo la matalente pa Mateyo 25:14-30, ndipo mudzifunse ngati nzeru zimene Mulungu adakupatsani mukuzigwiritsa ntchito kapena mwazikwirira mu foni.

Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene adamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, adaphunzira luso la makompyuta nkuligwiritsa ntchito pofalitsa zozizwitsa za Ukaristia. Papa Leo XIV adamulengeza kukhala woyera pa 7 Seputembala 2025. Tiyeni timupemphe kuti atipempherere, makamaka inu amene usiku uno mukhala pa kompyuta, ntchito ikufunika mawa m'mawa.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani m'choona.