ZA LUSO LA MAKONO: Kompyuta yoyendetsa wailesi ku Kafue

Ambiri a ife tidziwa wailesi ngati bokosi lomvetserako nkhani, nyimbo ndi mauthenga a maliro. Acikulire akukumbukabe kawailesi kozungulira ngati poto, kochedwa Saucepan Special, kamene kanayamba kugulitsidwa m'dziko lino m'caka ca 1949 pamtengo wa mapaundi 5. Wailesi yotere ili ndi pakamwa koma ilibe makutu. Imalankhula kwa inu usana ndi usiku, koma inu simungaiyankhe.

Ulipo mtundu wina wa wailesi umene umalandira mau ndi kutumizanso, monga zija timaona apolisi atanyamula. Kuonjezera pa apolisi, asilikali ndi oyendetsa ndege, malamulo a maiko amalola anthu wamba okonda luso limeneli kukhala ndi wailesi zotere m'nyumba zao, kuti aziphunzirirapo ndi kulankhula ndi anzao a kutali, osati kupangirapo ndalama. Aliyense amapatsidwa dzina la pamphepo la zilembo ndi manambala. La munthu wa m'Zambia limayamba ndi 9J, la ku Malawi 7Q, la ku Mozambique C9, la ku Zimbabwe Z2. Tisanalandire ufulu pa 24 October 1964, maina a kuno anali kuyamba ndi VQ2.

Woŵerenga wina wa danga lino anatilembera kalata kufunsa ngati ndi zoona kuti masiku ano kompyuta ingayendetse wailesi yotere popanda munthu kuikhudza. Pofuna kumuyankha zimene ndaona ndi maso anga, Loŵeruka lapitali ndinakwera basi ulendo wa makilomita ngati 45 kucokera ku Lusaka kupita ku Kafue, kumene kuli mkulu wina amene anagwira nchito ya zamagetsi m'fakitale ina ya m'tauniyo kufikira atapuma. Dzina lao sindilichula, popeza iwo eni sanafune.

Cimene cinandilondolera nyumba yao ndi waya. Unamangidwa kucokera pamtengo wa mango kufika pamlongoti wacitsulo, utali wake mamita ngati 10, ndipo pakati pake panatsika nthambo yoloŵa m'kacipinda ka kuseri kwa nyumba. M'kacipindamo munali tebulo, wailesi yaikulu ngati sutikesi yaing'ono, kompyuta yakale ya pamiyendo, ndi batire pansi pa tebulo lodzazidwa ndi sola ya padenga.

"Kale, mwana wanga, zonse zinali m'zala ndi m'khutu," anatero mkuluyo. Anali kupotoza kagudumu ka wailesi pang'onopang'ono kufunafuna mau pakati pa phokoso, akapeza munthu namuyankha ndi pakamwa kapena pogogoda kacitsulo ka Morse, kenaka nalemba m'buku dzina lake, nthawi ndi nambala ya mafunde. Mabuku otere alipo asanu ndi limodzi pashelefu pao. Tsopano maso afooka, manambala aang'ono a pawailesi sakuwaonanso bwino, ndipo mdzukulu wao wamkazi wa ku sekondale ndiye anawalumikizira wailesiyo ku kompyuta.

Kulumikizako kuli ndi njira ziŵiri, ndipo ofuna kuyesa ayenera kuzisiyanitsa bwino. Njira yoyamba ndi ya malamulo. Kompyuta imauza wailesi kuti pita pamafunde akuti, yamba kutumiza, leka, cepetsa mphamvu. Imathanso kuifunsa kuti uli pati tsopano, wailesi niyankha. Njira yaciŵiri ndi ya mau eni-eni, ndiko kuti zimene wailesi yamva zimaloŵa m'kompyuta, ndi zimene kompyuta yakonza zimaturuka kupita pamphepo. Pawailesi zakale pamafunika nthambo zingapo ndi kabokosi kapakati. Zatsopano, monga IC-7300 ya kampani ya Icom imene inabwera m'caka ca 2016, zimanyamula zonse ziŵiri pa nthambo imodzi ya USB.

Nzeru imeneyi si ya dzulo ai. Kampani ya Yaesu ya ku Japan inayamba kuika khomo la kompyuta pawailesi zake m'zaka za m'ma 1980, ndipo ndiyo inabweretsa dzina lakuti CAT limene onse amagwiritsa nchito lero. Bvuto ndi lakuti kampani iriyonse inapanga cilankhulo cake. Wailesi za Kenwood zimamva zilembo zoŵerengeka ndi munthu. Mukafuna kuti ipite pa 14.074 MHz, kompyuta imalemba FA00014074000 ndi kacizindikiro kotsekera. Ikalemba TX wailesi imayamba kutumiza, ikalemba RX imabwerera kukamvetsera. Za Icom sizimva zimenezo. Zili ndi cilankhulo cochedwa CI-V, ca manambala okha-okha, ndipo wailesi iriyonse ili ndi nambala yake ngati nambala ya nyumba, kuti lamulo lisasokere. Kulankhula kwa wailesi ya Icom m'cilankhulo ca Kenwood kuli ngati kufunsa njira m'Cilozi pamsika wa ku Chipata.

Cotero panafunika womasulira, monga uja amaima pakati pa woweruza ndi woimbidwa mlandu m'khoti. Womasulira wochuka ndi pulogalamu yochedwa Hamlib, imene anthu odzipereka anayamba kulemba m'caka ca 2000 ndipo imaperekedwa kwaulere. Imadziwa zilankhulo za wailesi mazana angapo. Inu mumangosankha dzina la wailesi yanu pamndandanda, zotsalazo imacita yokha.

Ndanena kuti imacita yokha, komatu tsikulo sinacite. Ndinaumirira kuti tiyese ndi kompyuta yanga ya kunchito, kuti ndione ngati munthu wosadziwa ngati ine angathe. Tinalumikiza nthambo, ndinasankha dzina la wailesi, ndinadina. Wailesi inangoti zii. Ndinadinanso kasanu, thukuta lili kamukamu, mkulu uja akungondiyang'ana. Potsiriza mdzukulu anati, "Amalume, mwaona liŵiro?" Zinapezeka kuti wailesi inali kuyembekeza malamulo paliŵiro la 4800, pamene kompyuta yanga inali kuwathira pa 38400. Onse aŵiri anali kulankhula cilankhulo cimodzi, koma wina mofulumira kasanu ndi katatu koposa mmene mnzake angamvere. Titalinganiza manambalawo, ndinalemba 14.074 pakompyuta, ndipo manambala a pawailesi anasintha okha, kagudumu kali phee. Ndivomere kuti tsitsi linandiimirira.

Zina zimene zimapunthwitsa oyamba anandiŵerengera mtsikanayo. Kompyuta ili ndi makomo angapo ndipo munthu amasankha lolakwika. Mapulogalamu aŵiri amalimbirana khomo limodzi. Nthawi zina mphamvu ya wailesi ikamaturuka imaloŵerera m'nthambo ya USB, kompyuta niuma, wailesi nitsala ikutumiza osaleka. Mankhwala ake ndi kukulunga nthamboyo pa kamphete ka ferrite ndi kuika waya wa panja kutali ndi cipinda.

Nanga phindu lake n'ciani, popeza kagudumu munthu angapotoze ndi dzanja? Apa ndipo panagona nkhani. M'caka ca 2017, Joe Taylor wa ku America, amene analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1993, pamodzi ndi mnzake Steve Franke, anaturutsa njira yolankhulirana yochedwa FT8, m'pulogalamu ya WSJT-X. M'njira imeneyi munthu salankhula. Kompyuta imasandutsa uthenga waufupi kukhala kaphokoso konga mluzu, ndipo nthawi imagaŵidwa m'timagawo ta masekondi 15. Gawo lina mumatumiza, kwa masekondi osakwana 13, gawo lotsatira mumamvetsera. Kompyuta ya kutsidya imatha kutola uthengawo ngakhale utamira m'phokoso kotero kuti khutu la munthu silimva kanthu. Kusinthana kotere, kanayi pa mphindi iriyonse, dzanja la munthu silingakulondole kwa nthawi yaitali. Ndico cifukwa cake kompyuta iyenera kugwira yokha cotsegulira ndi cotsekera ca wailesi.

Pamenepa ndinapunthwanso kaciŵiri. Phokoso linali kumveka, koma pagalasi sipanaturuke dzina ngakhale limodzi. Koloko ya m'kompyuta yanga inali itatsalira masekondi 4, cinthu cimene sindinacidziwe konse, pamene FT8 imafuna kuti makoloko a onse agwirizane osasiyana koposa sekondi imodzi. Mkuluyo amalinganiza yao ndi kacipangizo kakang'ono ka GPS, cotero safuna intaneti. Titakonza koloko, maina anayamba kutsika pagalasi ngati mvula, a ku Italy, ku Germany, ku South Africa, ku Brazil.

Tsono mkuluyo anakhala pampando, pakuti iwo ndiwo ali ndi cilolezo, natumiza kuitana. Uthenga wake unali wa zinthu zitatu zokha: zilembo CQ, kutanthauza kuti ndikuitana aliyense, dzina lao loyamba ndi 9J, ndi KH44, imene ili nambala ya cigawo ca mapu m'mene muli Kafue ndi Lusaka. Mphamvu inali mawati 25, yosafika ya babu lakale la m'nyumba. Sipanapite mphindi, anthu anai anali kuwayankha nthawi imodzi. Eni mawailesi otere m'Zambia ndi ocepa, cotero dzina la 9J likaoneka pamphepo a maiko ena amalithamangira kuti aliike m'mabuku ao. Kompyuta inalemba yokha dzina, mafunde ndi nthawi, m'nthawi ya dziko lonse imene imatsalira maola 2 pa yathu.

Ndinaona kuti nkhope yao sinasangalale kweni-kweni. Nditafunsa, anati, "Munthu uja wa ku Italy sindinamve mau ake. Sindidziwa ngati ndi mnyamata kapena nkhalamba ngati ine. Kale tinali kufunsana za mvula ndi za ana." Dandaulo limeneli lilipo pakati pa akale ambiri m'maiko onse, amene amati makina akulankhulana okha, anthu angopenyerera.

Ine ndikuwamvetsa, koma sindigwirizana nao kotheratu. Kompyuta sinakwere mumtengo wa mango kukamanga waya. Sinadziwe kuti mafunde a mamita 20 amatseguka madzulo kupita ku Ulaya, kapena kuti mphamvu iyenera kucepetsedwa cifukwa FT8 imatenthetsa wailesi koposa mau a pakamwa. Zonsezo zinacokera m'mutu mwa mkuluyo. Ndiponso nthambo yomweyo ya malamulo ndiyo ikuwathandiza lero kulankhula ndi pakamwa, popeza manambala amawaona aakulu pagalasi la kompyuta. Coposa zonse, mtsikana uja sakanaloŵa m'kacipindamo pakadapanda kompyuta. Anabwera kudzathandiza agogo ake kukonza nthambo, ndipo tsopano akufunsa cifukwa cake mafunde amabwerera pansi akagunda thambo la kumwamba.

Pali cinanso cimene anthu a ku Kafue safunika kuuzidwa. M'caka ca 2024 cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba ndi ku Itezhi-Tezhi, magetsi nazimitsidwa maola ambiri patsiku, ngakhale m'tauni yoyandikana ndi makina a magetsi a ku Kafue Gorge. Magetsi akasoŵa nthawi yaitali, milongoti ina ya lamya za m'manja imazima mabatire ake akatha. Wailesi ya mkuluyo sidalira mlongoti wa munthu aliyense. Ikamatumiza ndi mawati 100 imakoka maampu ngati 20 pabatire la mavolti 12, ndipo batire silicedwa kutha. Koma popeza kompyuta imamva zimene khutu silimva, mawati ocepa amakwana, batire nilifika usiku. FT8 yeni-yeni sinyamula nkhani yaitali, koma alipo mapulogalamu ena monga fldigi ndi JS8Call amene amatumiza mau olembedwa pa nthambo zomwezi.

Pano ticenjeze acinyamata amene mitima yayamba kale kudumpha. Kumvetsera ndi kumene munthu amayambira, koma kutumiza mau pamphepo popanda cilolezo ndi mlandu. Bungwe loyang'anira mafunde m'dziko lino ndi ZICTA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 2009 m'malo mwa Communications Authority of Zambia, ndipo okonda lusoli ali ndi bungwe lao la Radio Society of Zambia. Malamulo a maiko onse amafuna kuti wolandira cilolezo aonetse kuti akudziwa zamagetsi ndi mwambo wa pamphepo, ngakhale kuti kuyambira m'caka ca 2003 sakakamizanso maiko kuyesa munthu Morse. Kompyuta ikasokonezeka, wailesi niyamba kusokosa pamafunde a ndege kapena a apolisi, wofunsidwa ndi mwini dzina la 9J. Ndico cifukwa cake mkulu uja sacoka pampando wailesi ikamatumiza, ndipo dzanja lao limakhala pafupi ndi cozimitsira.

Aphunzitsi a sayansi ndi atsogoleri a ma Scout a ku Kafue Estates, Shikoswe ndi Zambia Compound angakonde kudziwa kuti caka ciriconse, kumapeto a mlungu wacitatu wa October, ma Scout a maiko onse amalankhulana pawailesi zotere pamwambo wa Jamboree on the Air, umene unayamba m'caka ca 1958. Ana amalankhula pansi pa uyang'aniro wa munthu wa cilolezo. Kompyuta zilipo kale m'masukulu ena. Cosoŵa ndi wailesi imodzi, waya wa mamita 10, ndi munthu wololedwa woti akhale nao.

Ndinatsazika dzuŵa litapendeka, kuti ndipeze basi yobwerera ku Lusaka. Poturuka ndinasiya agogo ndi mdzukulu akukangana: mtsikana afuna kuyesa mafunde a mamita 40 usikuwo, agogo akuti waya wao ndi waufupi ndipo mtengo wa mango sungasunthe.

Mlungu wamaŵa tidzafotokoza kapimidwe ndi kamangidwe ka waya wotere. Amene muli ndi mafunso tilembereni.