Madola 40 asatibweze pakhomo la kafukufuku

Mu January 2024 kolera inali pakamwa pa aliyense mu Lusaka. Heroes Stadium inasanduka chipatala, ndipo ana sanabwerere kusukulu mpaka pa 12 February. Pamsika wa Kaunda Square, mu minibasi ndi pa WhatsApp, aliyense anali dokotala. Wina akuti vuto ndi mvula, wina akuti ndi zakudya za m'mbali mwa msewu, wina akutumiza mawu a munthu wosadziwika wokamba za mankhwala ozizwitsa.

Ife amene timathandiza pa wayilesi ya m'dera tinali kukonza pulogalamu ya za madzi, ndipo tinafuna kukamba zinthu zokhala ndi umboni. Titafufuza pa foni tinapeza pepala la kafukufuku lokamba za madzi a m'makomboni a Lusaka. Titalitsegula, linatipatsa chidule chabe, ndipo pansi pake panali mtengo: madola 40, pafupifupi K1,000 nthawi imeneyo. Madzi ake ndi amene timamwa ife, anthu ofunsidwa ndi anansi athu, koma kuti tiwerenge zimene anapeza tilipire ndalama yogula matumba angapo a ufa. Tinatseka foni mokhumudwa.

Patapita masiku awiri, mtsikana wina wa pakoleji anatiseka. Analemba mutu wa pepalalo mu Google Scholar, nadina kamawu ka versions kamene kamakhala pansi pa mutu, ndipo pepala lomwelo linatuluka lonse, laulere, pamalo ena ololedwa. Safunsa anadya phula. Kuyambira tsikulo timakamba kwa aliyense kuti mtengo umene mwauona pa tsamba loyamba si mapeto a ulendo. Ambiri a ife timabwerera pamenepo chifukwa palibe anatiuzapo kuti pali makomo ena.

Khomo loyamba lili m'manja mwathu. Google Scholar si Google ya masiku onse: imafufuza mapepala a akatswiri, ndipo pamene pali kope laulere imaonetsa chizindikiro cha PDF pambali. Za umoyo zambiri zili mu PubMed Central, nkhokwe ya boma la America imene munthu aliyense amawerenga osalipira. Lipoti la kolera ya mu Lusaka ya 2017 mpaka 2018, limene bungwe la CDC linasindikiza mu 2018 pamodzi ndi akatswiri a kuno, ndi laulere. Limaonetsa kuti zitsime zosazama zambiri zimene zinapimidwa zinali ndi tizilombo tochokera m'chimbudzi, ndipo madzi ambiri analibe klorini yokwanira. Mu 2024 tinali kukangana pa zinthu zimene zinalembedwa kale zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo.

Palinso African Journals Online, imene inayamba mu 1998 kuti kafukufuku wa mu Africa azioneka. Medical Journal of Zambia imapezeka mmenemo. DOAJ, imene inayambira ku yunivesite ya Lund ku Sweden mu 2003, ndi mndandanda wa magazini a akatswiri amene salipiritsa owerenga. JSTOR imalola munthu wamba kutsegula akaunti yaulere ndi kuwerenga mapepala angapo mwezi uliwonse. Ofuna malamulo a dziko lino ndi zigamulo za makhoti apite pa ZambiaLII. Ofuna ziwerengero za kalembera wa 2022 apite pa tsamba la Zambia Statistics Agency, asamangotenga manambala pa Facebook.

Khomo lachiwiri timalidutsa tsiku lililonse. Minibasi yochoka ku Kaunda Square kupita m'tauni ikangodutsa Munali, imafika pa UNZA. Ambiri timaona mpanda wa yunivesite ngati malire a dziko lina. Koma laibulale yake inaikidwa kukhala yofufuziramo dziko lonse, osati ya ophunzira ake okha. Nyamulani NRC, mufunse pakhomo malamulo a alendo. Ndipo mabuku a kafukufuku amene ophunzira a masters ndi PhD amalemba, yunivesite imawaika pa intaneti, mu nkhokwe yake ya DSpace, kuti aliyense awatsitse. Mmenemo muli nkhani za misika, zinyalala, sukulu, malo ndi achinyamata a mu Lusaka muno. Lembani dzina la komboni yanu muone chimene chidzatuluka.

M'tauni, pa Katondo Street, pali laibulale ya khonsolo. Ku Ridgeway, pa Government Road, kuli National Archives, kumene amasunga nyuzipepala zakale ndi zikalata za boma. Amene akufuna kudziwa mmene makomboni athu anayambira sadzazipeza zonse pa foni. Zina zili m'mafaelo a kumeneko.

Khomo lachitatu ndi munthu, ndipo ndi limene timalinyoza kwambiri. Woyang'anira laibulale timamuona ngati mlonda wa mabuku, wotiuza kuti tikhale chete. Ntchito yake yeniyeni ndi kupeza chimene ife talephera kupeza. Kuyambira mu 2002, pamene WHO inayambitsa Hinari, mayunivesite, makoleji ndi zipatala za m'maiko osauka akhala ndi mwayi wowerenga magazini odula. Lero Hinari ndi mbali ya dongosolo lotchedwa Research4Life, ndipo sukulu ndi zipatala zoyenerera za mu Zambia zimalembetsa kwaulere. Malaibulale a kuno alinso ndi mgwirizano wawo, ZALICO, umene umawathandiza kupeza magazini a pa intaneti pamodzi. Ngati muli pakoleji, funsani ngati sukulu yanu inalembetsa. Ngati pepala mukufunalo alibe, funsani ngati angalipemphe ku laibulale ina. Kubwerekana kotere ndi mwambo wakale wa malaibulale padziko lonse, koma sikuchitika ngati palibe wapempha.

Zonsezi zikakanika, lemberani mwini wake. Pa tsamba loyamba la pepala nthawi zambiri pamakhala imelo ya mmodzi wa olemba. Pa madola 40 aja wolemba salandirapo kanthu, ndipo ambiri amakondwa kuti wina akufuna kuwerenga ntchito yawo. Mizere itatu ikwana: dzina lanu, mutu wa pepala, ndi chifukwa chimene mukulifunira. Ena sayankha. Palibe chimene mwataya.

Tikudziwa zimene ena akambe. Ma bundle ndi odula, malaiti amapita, ndipo Chingelezi cha m'mapepalawa ndi cholimba ngati mwala. Zonsezi ndi zoona. Koma pepala limodzi la PDF nthawi zambiri limadya data yochepa kuposa mphindi zingapo za TikTok, ndipo mukalitsitsa limakhala m'foni ngakhale netiweki itapita. Za Chingelezi, musayambe pa tsamba loyamba n'kumayenda mpaka kumapeto ngati buku la nthano. Werengani chidule, kenako mathero, kenako muone kuti anafunsa anthu angati, kuti, ndipo liti. Pamene pavuta, werengani awiri kapena atatu. Mmodzi amadziwa masamu, wina amadziwa mawu a chipatala.

Chenjezo nali. Pepala limodzi si Baibulo. Pali magazini achinyengo amene amasindikiza chilichonse bola wolemba walipira, ndipo amavala bwino ngati enieni. Onani ngati magaziniyo ili mu DOAJ kapena ngati mayunivesite odziwika amaigwiritsa ntchito, ndipo funani pepala lachiwiri lokamba nkhani yomweyo. Kafukufuku wa ku Kanyama sakamba zonse za ku Kabulonga, ndipo wa zaka 20 zapitazo sakamba zonse za lero.

Tili ndi pempho kwa a m'makoleji ndi m'mayunivesite. Mwayi umene munalembetsa usamakhale m'kabati. Uzani ophunzira sabata yoyamba, ikani chidziwitso pakhomo, ndipo kafukufuku wanu muziika poyera. Amene amabwera m'makomboni ndi mapepala a mafunso, kutifunsa zimene timadya ndi kumene timatunga madzi, azibweranso kudzatiuza zimene anapeza, m'chilankhulo chimene anatifunsira.

Koma mbali yaikulu ndi yathu. Nyengo ya mvula idzabweranso, ndipo mikangano ya mu minibasi idzayambiranso. Sabata ino sankhani funso limodzi limene limakuvutani, kaya la madzi, la lendi kapena la ntchito. Pezani pepala limodzi, muliwerenge ndi mnzanu, kenako mufotokozere amayi kapena ambuya m'Chinyanja zimene lakamba. Akakufunsani funso limene simungathe kuyankha, bwererani mukawerengenso.