TIKAMBE ZA UMOYO: Dontho limodzi basi, enawo n'kutaya ndalama

Anzanga a pamsika, nyengo ya fumbi ikafika maso amafiira ngati tagona kumowa. Utsi wa pachiwaya, fumbi la m'mabelo a kaunjika, zonsezi zimathera m'maso. Ndiye ambiri timathamangira kabotolo ka mankhwala n'kuthira madontho anayi kapena asanu, ati agwire msanga. Pepani, ndalama zanu zikungotsikira patsaya.

Kutsogolo kwa diso kuli kagalasi koonekera komwe madokotala amati cornea. Kukhuthala kwake ndi theka la milimita basi, koma ndi mlonda wovuta kuposa wa pageti ya msika. Khungu lake lapamwamba limalola mankhwala ogwirizana ndi mafuta, pamene m'kati mwake mwadzaza madzi ndipo mumadutsa ogwirizana ndi madzi. Mankhwala ayenera kupyola mageti awiri onsewa. Pa magawo 100 a dontho, olowa m'kati mwa diso sakwana n'komwe 5.

Nanga enawo? Diso silitha kusunga ngakhale dontho limodzi lathunthu. Ena amasefukira panja, ena amatsikira m'mphuno kudzera pa kabowo ka pakona ya diso. N'chifukwa chake mukathira mumamva kuwawa kukhosi.

Tsono chitani chonchi. Sambani m'manja, ndalama zagwidwa ndi anthu ambiri. Kokani chikope cham'munsi, dontho limodzi, tsinzinani. Dinani pakona ya diso pafupi ndi mphuno kwa mphindi ziwiri, osaphethiraphethira. Ngati akupatsani mitundu iwiri, pakati pake padutse mphindi zisanu, ndipo opaka ngati tetracycline akhale omaliza. Kabotolo kakatha masiku 28 chitsegulireni, tayani. Musabwerekanenso ngati chenje.

Koma nkhani yaikulu nayi. Kagalasika kakakandika ndi kachitsotso, geti yatseguka, chilichonse chimalowa. Mankhwala okhala ndi dexamethasone kapena betamethasone amachotsa kufiira msanga, inu n'kumati zatheka, pamene akufooketsa chitetezo cha diso ndipo chilonda chikukula. Madzi a masamba, shuga, mkodzo, ndiye ayi ndithu. Mapeto ake ndi chipsera choyera chotchinga kuona.

Diso likamapweteka kwambiri, likamaopa kuwala kapena kuona mwachimbuuzi, siyirani mnzanu benchi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Phindu la tsiku limodzi mudzalipeza mawa, koma diso silioledwa ku Limbe.

Tionana sabata yamawa.