Tidzapeta liti chambo ndi phiri la Ndirande?

Amene anakulira ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akukumbukira mmene pabalaza pa mayi wosamala pakhomo pankaonekera. Mpando ukhale wa ndalema kapena sofa yogula pangongole, pamsana pake pankayalidwa nsalu yoyera yopetedwa maluwa. Patebulo panali ina, pawailesi kena kakang'ono, ndipo jagi ya madzi inkavundikiridwa ndi kansalu ka mikanda m'mbali kuti ntchentche zisagweremo. Kuchipinda nako mapilo anali ndi mawu ake, ena akuti "Gonani bwino", ena a Chingerezi. Zonsezi zinkachokera m'manja mwa mwini nyumba. Amayi anzake akabwera kudzacheza sankangoyamikira maluwawo ayi, ankatembenuza nsaluyo kuti aone kuseri. Kukakhala mfundo zambiri ndi ulusi wolendewera, ankadziwa kuti wopetayo anapupuluma.

Funso limene sitidzifunsa kawirikawiri ndi lakuti maluwa amenewa ankachokera kuti. Ambiri ankachokera m'magazini akunja, monga Your Family ya ku South Africa ndi Woman's Weekly ya ku Britain, omwe ankasindikiza zojambula zoti munthu asoke, aluke kapena apete. Mayi wa m'Ndirande sankagula magaziniwa. Imodzi inkabwera ndi bambo wophika kunyumba za mabwana ku Sunnyside kapena ku Namiwawa, ina ndi mlamu wochokera ku Joni. Ikafika, tsamba la chojambulalo linkayenda khomo ndi khomo. Ankachikopera pansalu ndi pepala la kaboni, kapena kugunditsa pepala ndi nsalu pagalasi la windo kuti kuwala kwa dzuwa kuonetse mizere. Tsambalo likang'ambika, ankayala pepala pamwamba pa nsalu yopetedwa kale ya mnzawo n'kumakhwekhweza ndi pensulo mpaka duwa litatuluka. Pofika ku Chilomoni duwalo limakhala litasintha, masamba atachuluka, mitundu ili ya kukonda kwa wopeta.

Koma taonani zimene zinali pansalupo: maluwa a rozi, dengu lodzaza maluwa, mtsikana wa diresi lotambalala atavala chipewa ndi kunyamula ambulera, timbalame ta ku Ulaya, kanyumba ka tchumuni kakufuka utsi. Manja anali athu, maso anali athu, nthawi inali yathu, koma chithunzi chinali cha eni. Amayi athu sindikuwadzudzula. Ankapeta zimene anazipeza papepala, ndipo palibe anawapatsa pepala lina.

Lusoli linazika mizu kuno kudzera m'mamishoni. Amishoni a ku Scotland atakhazikika ku Blantyre mu 1876, atsikana a pasukulu yawo ankaphunzira kusoka, kuchapa ndi kusita. Ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, Emma DeLaney wa ku America anafika pamishoni ya John Chilembwe mu 1902 n'kuyamba kuphunzitsa amayi kusoka, ndipo Ida Chilembwe anapitiriza ntchitoyo. Chithunzi cha Ida ali ndi ophunzira ake chilipo mpaka lero. Kenako mabungwe a amayi m'mipingo, a Mvano, a Dorika ndi anzawo a ku Katolika, anasandutsa singano kukhala gawo la misonkhano yawo, ndipo Sinodi ya Blantyre inali ndi malo ophunzitsira amayi ku Chigodi. M'nthawi ya Kamuzu mtsikana wa kupulaimale ankaphunzira zosokasoka, alangizi a ntchito za pakhomo ankaphunzitsidwa ku Magomero, ndipo kuyambira 1985 bungwe la Chitukuko Cha Amayi m'Malawi, lotsogozedwa ndi Mama Cecilia Kadzamira, linkalimbikitsa ntchito zamanja. Nsalu sinkasowa chifukwa fakitale ya David Whitehead and Sons, yomwe inatsegulidwa mu 1967 kufupi ndi Ndirande, inkawomba nsalu kuchokera ku thonje lolimidwa konkuno.

Sikuti zonse za nthawi imeneyo zinali zabwino. Maphunzirowa ankamuona mtsikana ngati munthu wongoyembekezera banja, ndipo mnyamata ankakula akudziwa kuti singano yopetera si yake. Izi n'zodabwitsa m'dziko lomwe matelala ambiri a m'makonde ndi abambo, komanso lomwe anthu ake amawerenga m'buku la Eksodo za Oholiabu, mwamuna amene anali katswiri wopeta nsalu za m'chihema. Komabe luso lenilenilo linafika m'manja mwa anthu ambiri, ndipo amayi ena analipirira nalo ana fizi.

Lero lusoli likuzilala, ndipo zifukwa zake n'zoonekeratu. Kaunjika atasefukira m'zaka za m'ma 1990, nsalu za patebulo ndi za mapilo zinayamba kupezeka pamulu ku Limbe pamtengo woti wopeta pamanja sangapikisane nawo. Zoyala za leisi ndi za pulasitiki zochokera ku China zinabwera pambuyo pake. Kusukulu, maphunziro a kupulaimale atasinthidwa kuyambira 2007, zosokasoka zinaphatikizidwa ndi nyimbo, zojambula ndi masewera olimbitsa thupi m'phunziro limodzi la Expressive Arts. Mphunzitsi amene ali ndi kalasi lodzaza mpaka pakhomo, wopanda singano ngakhale imodzi, amangolemba mayina a misoko pabolodi, ana n'kuloweza kuti akakhoze mayeso. Mwana amatchula chain stitch bwinobwino koma sanalowetsepo ulusi pasingano. Magazini aja nawonso anatha mphamvu: mu 2020 kampani ya Caxton inatseka magazini ake, kuphatikizapo Your Family ndi Bona. Ulusi wopetera wabwino, monga Anchor ndi DMC, umachokera kunja, choncho kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wake unakwera limodzi ndi zina zonse zoitanitsa.

Ena adzati zojambula zadzaza pa YouTube ndi pa Pinterest. N'zoona, ndipo atsikana ena akuphunzira kumeneko. Koma bando ndi ndalama, mawu ake ndi Achingerezi, ndipo agogo a ku Machinjiri amene luso lili m'zala zawo sapitako. Komanso vuto lakale lija lidakalipo: zojambulazo ndi za eni.

Apa ndi pamene ndikufuna tiganize mofatsa, chifukwa anzathu akumwera anaonetsa kuti njira ilipo. M'mudzi wa Hamburg, m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, dokotala wina, Carol Hofmeyr, anayambitsa ntchito ya Keiskamma m'chaka cha 2000. Amayi oposa 100 a kumeneko anapeta nsalu yotalika mamita 120 yofotokoza mbiri ya dera lawo, nkhondo za Axhosa ndi atsamunda, ng'ombe zawo, mpaka chisankho cha 1994. Inamalizidwa mu 2004 ndipo inakapachikidwa ku Nyumba ya Malamulo ku Cape Town. Ku Limpopo, gulu la Kaross lakhala likupeta nyama, mitengo ndi nthano za kwawo kuyambira 1989, ndipo anthu mazanamazana amapeza ndalama kudzera m'ntchitoyi. Misoko imene amagwiritsa ntchito ndi yomweyi imene amayi athu amaidziwa. Chosiyana n'chakuti iwo anapeta zakwawo, ndipo ogula anabwera chifukwa zinthuzo sangazipeze kwina. Duwa la rozi makina a kompyuta amalipeta m'kanthawi kochepa, ndipo wa pamanja sangawapose. Koma makina sadziwa mmene msika wa Ndirande umaonekera m'mamawa.

Ife tikusowa chiyani chojambula? Chambo tili nacho, nkhwazi ili pachizindikiro cha dziko, mlambe uli ku Chigwa cha Shire, mkungudza uli pa Mulanje. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe chinamalizidwa mu 1891, chili ndi njerwa zosanjidwa mokongola moti wopeta waluso akhoza kuthera mwezi pakhoma limodzi. Mizere ndi madontho a pamiyala ya ku Chongoni, imene UNESCO inaiika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ingakhale bwino kwambiri m'mphepete mwa nsalu ya patebulo. Palinso mayi wa mandasi, mnyamata wa kabaza, mzere wa zidebe pamjigo. Ndipo mbiri ya mzinda wa Blantyre ikudikira wofotokoza: sitalaka ya ogwira ntchito ku David Whitehead mu Meyi 1992, imene inagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi, ndi matope a namondwe Freddy amene anatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023. Amayi amene anataya abale awo kumeneko ali ndi nkhani imene lipoti la boma silingaimalize.

Chofunika si chachikulu. Ndi tsamba limodzi la m'Chichewa, lotuluka mlungu ndi mlungu kapena mwezi ndi mwezi, lokhala ndi chojambula cha kukula kwenikweni choti munthu angokopera pansalu. Lifotokoze mitundu ya ulusi, ndi kuti ulusi wopetera umakhala ndi timaulusi 6 tomwe wopeta amatigawa, tiwiri pa ntchito yosalala, titatu pa mizere yooneka patali. Lionetse pomwe payenera stem stitch, pomwe padzazidwe ndi satin stitch, ndi pomwe kamfundo ka French knot kangakhale diso la nsomba. Likumbutse woyamba kumene kuti ulusi wofiira wotchipa auviike kaye m'madzi asanauike pa bafuta, chifukwa ukasuluka ntchito yonse yawonongeka, ndiponso kuti nsalu yopeta imasitidwa chakuseri. Zinthu ngati izi amayi achikulire amazidziwa, koma sizinalembedwe m'chinenero chathu mokwanira, ndipo iwo akutha mmodzimmodzi.

Ogulafe tilinso ndi mlandu. Timapereka mosanyinyirika ndalama za golofu yopetedwa dzina la kampani pamakina, koma mayi akabweretsa nsalu imene wakhala nayo milungu yambiri, maso akuwawa ndi kuwala kwa kandulo magetsi atazima, timamunenerera mpaka atsale ndi ya ulusi yokha. Akatero kawiri katatu amasiya, n'kuyamba kuoda tomato.

Choncho akonzi a nyuzipepala ndi magazini, tipatseniko tsamba limenelo. Akuluakulu a ku Malawi Institute of Education ku Domasi, onani kuti singano ifike m'manja mwa mwana, wamkazi ndi wamwamuna yemwe. Atsogoleri a Mvano ndi a Dorika, itanani anyamata ndi atsikana odziwa kujambula a m'mipingo yanu akhale pansi ndi amayi odziwa kupeta, wina ajambule, wina asankhe msoko. Ndipo inu owerenga amene muli ndi nsalu ya amayi anu pansi pa sutikesi, itulutseni sabata ino, muwaonetse ana, ndipo ngati mwini wake ali moyo muwapemphe akuphunzitseni.