Khutu la pa Zalewa nalo ndi woweruza

Mu 2019 akatswiri ounika mafilimu kunja adayamikira The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya Chiwetel Ejiofor yokamba za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Kuno kwathu ambiri adadandaula kuti Chichewa cha ena mwa ochita sewerolo chidali chopotoka.

Dandauloli n'lomveka. Mayi wogulitsa manachesi pa Zalewa amamva zomwe katswiri wa ku London sangamve.

Komatu abale, kudandaula kokha sikujambula filimu. Ngati tikufuna nkhani zathu zizikambidwa ndi eniakefe, tizigula ntchito za akatswiri akonkuno monga Shemu Joyah, mwini The Last Fishing Boat ya 2012. Tikamangobenetsa pa memori khadi, ajambula ina ndi ndalama ziti?