Gulu lathu lichoke pa foni ya kuntchito

Anzanga, lero tikulankhula ndi inu amene mwapezako kaganyu ku mabungwe. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu 2023, achinyamata akhala akulembedwa ntchito zoyenda m'midzi kuno kwa Kaduya ndi madera ena a Phalombe, ena n'kupatsidwa foni kapena tabuleti. Ife a madigiri ongokhala pakhomo tikudziwa kuti bandulo yaulere imakoma. Koma gulu lathuli lisalowe pa foni imeneyo.

Ena mukuti WhatsApp ili ndi encryption. Zoona. Uthenga ukamachoka pa foni yako umakhala wokhomedwa, moti TNM, Airtel, ngakhale eni WhatsApp sangauwerenge uli panjira. Koma loko ameneyu ndi wa panjira pokha. Ukafika umatseguka pa foni, ndipo foni ya kuntchito mwini wake si iwe. Bungwe likhoza kuikamo pulogalamu yoiyang'anira lili ku ofesi: kuona ma app amene waika, kuitseka, kufufuta zonse. Contract ikatha umabweza, mwina mwadzidzidzi, osafufuta kanthu. Wolandirayo akapeza manambala a tonsefe, ma voice note, ndi malo a msonkhano. Iwe sadzakuitananso ganyu, basi, koma mavuto enawo agwera anzako.

Musaganize kuti tikungoopsezana. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lamangitsa kale anthu. Mu May 2022 namwino wina wa ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha zomwe analemba pa WhatsApp zokhudza pulezidenti. Mu April chaka chomwecho apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe n'kumulanda foni ndi kompyuta. Komanso kuyambira 2018 SIM iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso, ndiye nambala ikaoneka, dzina lapezeka.

Foni yakoyako nayonso isamale. Ika PIN, osati kajambulidwe ka L kamene aliyense amakadziwa. Tsegula zoti mauthenga azidzifufuta okha, ndipo backup ya ku Google Drive ikhale ya encryption, poti siikhala choncho yokha. Ndipo aise, ukamasiya foni potchajitsa pa Migowi, izimitse kaye.

Amene munalowa m'gulu ndi nambala ya kuntchito, fufutani macheza onse, tulukani, kenako mutumize nambala yanu kwa admin pofika Lachisanu. Zotsala tizichotsa tokha.